Mphindi zitatu za ku Mbuzini

Msewu wa N4 umatuluka mumzinda wa Pretoria cha ku Hatfield n'kulunjika kum'mawa. Umadutsa ku eMalahleni, Mbombela ndi Malelane, ndipo mukayenda makilomita oposa 400 mumafika ku Komatipoort, pachipata cholowera ku Mozambique. Mukapatukira kumwera musanafike pachipatapo, mumakathera pamudzi wa Mbuzini, m'mapiri a Lebombo, kufupi ndi pomwe malire a South Africa, Mozambique ndi Eswatini amakumana. Paphiri lina kumeneko padaimikidwa mapaipi achitsulo 35, omwe amalira mphepo ikamaomba. Adawatsegulira Nelson Mandela ndi Joaquim Chissano pa 19 Januwale 1999. Paipi iliyonse ikuimira munthu mmodzi mwa amene adafa pa ngozi ya ndege ya usiku wa pa 19 Okutobala 1986, ndipo mmodzi wa iwo anali mtsogoleri wa Mozambique, Samora Machel.

Nkhani ya imfa ya Machel imakambidwa ngati nkhani ya ndale, ndipo m'pomveka. Koma muli mbali ina yomwe sitikamba kwenikweni, yomwe ndikufuna kuti muimve bwino, makamaka inu achinyamata a kwathu amene makolo anu agulitsa katundu kuti mudzaphunzire kuyendetsa ndege ku Wonderboom, kumpoto kwa Pretoria, kapena m'masukulu ena a kuno. Mbali yake ndi ya mawu omwe adadutsa pa wailesi pakati pa ndegeyo ndi nsanja ya pabwalo la Maputo m'mphindi zitatu zomaliza.

Tsikulo linali Lamulungu. Machel adali ku Mbala, kumpoto kwa Zambia, komwe adakumana ndi Kenneth Kaunda, José Eduardo dos Santos wa ku Angola ndi Mobutu Sese Seko wa ku Zaire. Inali nyengo yowawa. Nkhondo ya Renamo inali itafika pachimake ku Tete ndi Zambezia, ndipo mwezi umodzi wokha m'mbuyomo, pa 11 Sepitembala, Machel adabwera ku Blantyre pamodzi ndi Kaunda ndi Robert Mugabe kudzauza a Kamuzu Banda maso ndi maso kuti Malawi asiye kukhala msana wa zigawengazo. Atatha za ku Mbala, gulu la Machel lidakwera ndege yake ya mtundu wa Tupolev Tu-134, ya chizindikiro C9-CAA, kubwerera kwawo. Munali anthu 44. Idanyamuka cha m'ma 6:38 madzulo, ndipo ku Maputo ankaiyembekeza cha m'ma 9:25 usiku.

Kutsogolo kunali amuna asanu a ku Soviet Union: kaputeni Yuri Novodran, womuthandiza wake, wolondola njira, injiniya, ndi wa wailesi. Anali anthu odziwa ntchito, ndipo bwalo la Maputo adateramo kambirimbiri, usana ndi usiku. Koma taonani mmene mawu ankayendera. Asanuwo ankalankhulana m'Chirasha. Wa pansanja anali Mmozambiki, ntchito zake za tsiku ndi tsiku ankazichita m'Chipwitikizi. Ankakumana pa Chingerezi, chomwe sichinali cha aliyense wa iwo. Komanso wolankhula ndi nsanja sanali amene wagwira chiwongolero. Kaputeni akanena kanthu, wa wailesi ankatola zomwe wamva, n'kuziveka Chingerezi, n'kuzitumiza pansi. Yankho linkabwerera njira yomweyo. Wa pansanjayo ndege sankaiona. Ankaidziwa kudzera m'zomwe akuuzidwa basi.

Nthawi itangopitirira 9 koloko, wa wailesi adauza Maputo kuti akonzeka kuyamba kutsika. Nsanja idawalola kutsikira pa mafiti 3,000, omwe ndi mamita pafupifupi 900, n'kuwauza kuti adziwitse akafika pamenepo kapena akaona nyale za msewu woterapo ndege. Malangizowo anali omveka. Pa 3,000 ndiye panali polekezera, pokhapokha ataona bwalo ndi maso awo.

Cha m'ma 9:10, ndege idakhotera kumanja ndi madigiri 37. Kaputeni atadabwa, wolondola njira adati ndi komwe chipangizo cholozera njira, chotchedwa VOR, chikuloza. Palibe adafunsanso kachiwiri. Kukhota kumeneku ndi komwe kudawachotsa pa njira ya ku Maputo, mzinda wa m'chigwa m'mbali mwa nyanja, n'kuwalozetsa kumapiri a m'malire.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa apa ndi pomwe pali mkangano womwe sunathe mpaka lero. Bungwe lofufuza lomwe boma la tsankho la South Africa lidakhazikitsa, lotsogozedwa ndi woweruza Cecil Margo, lidamva umboni ku Johannesburg mu Januwale 1987 ndipo lidati oyendetsawo ayenera kuti adatchera molakwika VOR ya ku Matsapha, ku Swaziland (lero Eswatini), ya nambala 112.3, m'malo mwa ya Maputo ya 112.7. Akatswiri a ku Soviet Union adakana, adati panali chipangizo chabodza chomwe adani adaika dala kuti chisocheretse ndegeyo. Bungwe la Truth and Reconciliation Commission lidaunikanso nkhaniyi mu 1998, silidapeze yankho lomaliza, ndipo lidapempha kuti kafukufuku apitirire. Ine sindingauze mwana wa ku Mozambique kuti aiwale zokayikira zake. Boma lomwe linkapha adani ake m'mayiko oyandikana nalo silikadayenera kukhala woweruza pa mlandu woterewu. Koma kaya adawakhotetsa ndi mdani kaya ndi chala cholakwa, ndegeyo inali idakali yamoyo, mainjini akulira bwino, kwa mphindi zina khumi ndi imodzi. Zomwe zidalankhulidwa m'mphindi zimenezo zidajambulidwa, ndipo akatswiri a mayiko atatu onse, South Africa, Soviet Union ndi Mozambique, adazimvetsera.

Tepiyo ikusonyeza kuti pomwe ndege inkatsika, kaputeni adatanganidwa ndi nkhani zina, kuphatikizapo kagawidwe ka zakumwa zomwe zidatsala paulendowo. Kenako adasuzumira kutsogolo, komwe kudayenera kuoneka kuwala kwa mzinda waukulu, n'kuona mdima wokhawokha. Adauza anzake kuti Maputo kulibe, magetsi azima. Ndipo anzakewo adavomera msanga, chifukwa zinali zozolowereka. Masiku amenewo zigawenga zinkagwetsa mapolo a magetsi, Maputo n'kugona mumdima. Kenako zida zina za m'ndege zidalephera kugwira zizindikiro za pabwalo. Izinso adaziika pa mutu womwewo: ndi magetsi. Chilichonse chomwe chinkawauza kuti sali pomwe akuganiza, iwo ankachimva ngati umboni woti vuto lili pansi. Pomwepo n'kuti bwalo la Maputo lili makilomita oposa 60 kum'mawa kwawo, likuwadikira.

Nthawi ya 9:18, wa wailesi adauza nsanja kuti afika pa mafiti 3,000 ndipo akhazikika pomwepo. Mawu amenewa adatuluka bwino, m'Chingerezi cholongosoka cha pa wailesi. Koma sanali oona. Ndege sidakhazikike. Idapitirira kutsika pang'onopang'ono mumdima, palibe adaigwira. Sindikhulupirira kuti munthuyo adafuna kunama. Adanena zomwe zimanenedwa ndege ikafika pamenepo, poganiza kuti okhala pa chiwongolero achita mbali yawo. Okhala pa chiwongolerowo maso anali panja kusakasaka nyale. Kuchokera pamenepo, m'mutu mwa wa pansanja munali ndege ina, yoyenda motetezeka pa 3,000 pafupi ndi mzinda, pomwe ndege yeniyeni inkayandikira phiri.

Nsanja idawalola kutera pa msewu 23 pogwiritsa ntchito ILS, zida zomwe zimatsogolera ndege mpaka pansi ngakhale kusakuoneka. Ndege idayankha kuti ILS sikugwira. Apa panali mpata. Munthu wa pansanja akadaima n'kudzifunsa kuti, bwanji zida zanga sakuzigwira, bwanji mzinda wonsewu sakuuona? Akadangofunsa kuti muli pati kwenikweni, kapena kuwauza kuti kwerani kaye tione. M'malo mwake adalandira mawuwo monga mmene adabwerera, n'kuwasinthira chilolezo kuti atere poyang'ana ndi maso pa msewu 05. Anthu omwe sakuona kanthu adapatsidwa chilolezo chotera ndi maso, ndipo adachilandira. Adayambanso kukambirana zoti azungulire kumanzere kapena kumanja kwa bwalo lomwe silinali pansi pawo.

Kaputeni adanena m'Chirasha kuti china chake chalakwika. Mawu amenewa sadapite pa wailesi. Zomwe zidapita n'zakuti nsanja ione ngati nyale za pamsewu woterapo zili bwino. Yankho lidabwera loti zamveka, n'kubwerezanso chilolezo chija chotera pa msewu 05. Adapemphanso za nyale. Yankho lidali lomwelo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma anthu awa adafunsa ndithu, kawiri konse. Funso lawo lidafika pansi litasanduka chinthu china, ndipo yankho lomwe adalandira silinali la funso lawo. Pomwe mbali ziwirizi zinkafika pomvana kuti nyale sizikuoneka n'komwe, n'kuti kwatsala masekondi owerengeka.

M'ndege muli belu lochenjeza kuti nthaka yayandikira. Lidayamba kulira, ndipo lidalira masekondi 32. Werengani nokha kuchokera pa 1 mpaka 32, muone kutalika kwake. Lamulo la belu limenelo ndi limodzi: wonjezera moto, kweza mphuno ya ndege, mafunso pambuyo. Kaputeni adatukwana, koma ndege sidakwere. Iwo ankakhulupirira kuti pansi pawo m'chigwa cha Maputo, choncho belu ndilo linkaoneka lolakwa. Adali akuwerengabe zida zomwe sizikugwira. Nthawi ya 9:21, phiko lamanzere lidagunda mtengo, ndipo ndege idamenya phiri pa mafiti 2,187, mamita ochepa m'kati mwa South Africa. Anthu 35 adafa, kuphatikizapo Machel, nduna yake ya zamtengatenga Alcântara Santos, ndi mlangizi wake Aquino de Bragança. Asanu ndi anayi adapulumuka. Mwa asanu a kutsogolo aja adatsala ndi injiniya yekha.

Mkwiyo wake udatigwera ndi ife. Ku Harare achinyamata adaphwanya maofesi a Air Malawi ndi a kazembe wa Malawi, ndipo ku Maputo nyumba ya kazembe wathu idaonongedwanso. Amalawi okhala kunja masiku amenewo adayenda mozyolika.

Ndikaganizira mphindi zitatuzo, chomwe chimandipweteka si kulakwitsa kwa galamala. Ndi chiganizo chimodzi chomwe sichidanenedwe ndi aliyense. Palibe adatsegula wailesi n'kunena poyera kuti: sitikuona mzinda, zida zathu sizikugwira chilichonse cha Maputo, sitikudziwa pomwe tili, tikukwera. Mawu oterewa safuna Chingerezi cha ku yunivesite. Amafuna munthu wovomera kuti wasochera, pomwe kumbuyo kwake kwakhala mtsogoleri wa dziko, mafuta atsala ochepa osakwanira kukatera pabwalo lina la ku Beira, ndipo iye ndi katswiri wa zaka zambiri. M'malo mwake vuto lalikulu adalidula tizidutswa, n'kumatumiza kamodzikamodzi: ILS, nyale, nyalenso. Wa pansanja adalandira tizidutswato, koma sadatilumikize. Nayenso ali ndi gawo lake, chifukwa munthu akakufunsa chinthu chimodzimodzi kawiri, ndiye kuti yankho lako loyamba silidamuthandize.

Wina anganene kuti izi n'za kale, za nthawi ya nkhondo ndi zida zachikale. Ayi ndithu. Patapita zaka khumi, pa 12 Novembala 1996, pafupi ndi Charkhi Dadri ku India, ndege ya ku Kazakhstan idauzidwa kuti ikhale pa mafiti 15,000, chifukwa ndege ya ku Saudi Arabia inkabwera moyang'anizana nayo pa 14,000. Kumenekonso wolankhula ndi nsanja anali wa wailesi, osati woyendetsa. Adanena kuti ali pa 15,000, koma ndege idapitirira kutsika. Zidaombana m'mwamba ndipo anthu 349 adafa, palibe adatsala. Ku New York nako, pa 25 Januwale 1990, ndege ya Avianca yochokera ku Colombia idazungulira m'mwamba kopitirira ola kudikira mpata wotera, mafuta akutha. Womuthandiza kaputeni adauza olondolera kuti mafuta akuwathera ndipo adapempha kuti awaganizire msanga, koma sadatchule mawu oti emergency kapena mayday, omwe akadachititsa kuti ndege zina zonse zipatuke. Adalankhula mwaulemu, olondolera adamva pempho wamba, mainjini adazima, ndipo anthu 73 adafa.

Nkhani ya Avianca imandikhudza mwapadera, chifukwa ulemu wotere ndi wathu womwe. Tidaleredwa kuti wamkulu akalankhula uziti eya, ngakhale sunamve. Kumufunsa kuti abwereze kumaoneka ngati chipongwe, kumuuza kuti sizitheka ndiye mwano weniweni. Mwana woleredwa bwino akafuna thandizo amayamba ndi kuzungulira, kupepesa, kuchepetsa vuto lake kuti asavutitse anthu. Pakhomo ndi khalidwe labwino, ndipo sindikufuna kuti lithe. Koma mnyamata wa ku Dedza kapena mtsikana wa ku Chipata akakhala m'kandege kophunzirira, kumva mawu othamanga a wolondolera amene kalankhulidwe kake sadakazolowere, ndege zina zikudikira, mphunzitsi ali pambali, lilime limathamangira kuvomera kuti asaoneke wotsalira. Pamenepo ndi pomwe ulemu umapha.

N'chifukwa chake chilankhulo cha pa wailesi adachipanga chouma dala. Wolondolera akatchula kutalika koyenera kuulukapo, mbali yolowera, nambala ya msewu woterapo, kapena chilolezo chonyamuka ndi chotera, woyendetsa amabwereza zonsezo n'kumaliza ndi chizindikiro cha ndege yake, ndipo wolondolerayo amamvetsera kubwerezako kuti agwire cholakwika chisanakule. Mawu oti roger amangotanthauza kuti uthenga wafika. Si eya, si ayi, si yankho la funso lililonse. Ngati sunamve pali say again. Ngati sungathe pali unable, popanda kupepesa. Moyo ukakhala pachiswe pali mayday, katatu. Ngozi ya ku Tenerife ya pa 27 Malichi 1977, pomwe ndege ziwiri za Boeing 747 zidaombana pamsewu wa pabwalo mu nkhungu n'kupha anthu 583, ndiyo idachititsa kuti mawu onena za kunyamuka asamatchulidwe mwachisawawa. Ndipo kuyambira mu 2008 bungwe la ICAO limafuna kuti oyendetsa ndi olondolera ndege za pakati pa mayiko akhoze Chingerezi pa mlingo wachinayi mwa isanu ndi umodzi, kuti zinthu zikachoka m'buku athe kufotokoza vuto m'mawu wamba. Zonsezi n'zabwino, koma ku Mbuzini mawu oti takhazikika pa 3,000 adanenedwa mwa m'buku ndendende. Chidasowa n'chakuti wina ayang'ane chida choyezera kutalika asanatsegule pakamwa.

Pali chinthu chinanso. Tikutha kukamba za mphindi zitatuzi, sekondi ndi sekondi, chifukwa mawu adajambulidwa, m'ndege ndi pansanja pomwe. Mu 1986, m'dziko losauka lomwe linali pa nkhondo, tepi inkazungulira. Tsono kumbukirani za kwathu. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya Dornier 228 idanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu itanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu, paulendo wa kumaliro a Ralph Kasambara. Nyengo inali yoipa, sidatere, ndipo idapezeka mawa lake itagwa m'nkhalango ya Chikangawa, onse atamwalira. Sindikunena kuti kusamvana pa wailesi ndiko kudagwetsa ndege imeneyo. Ndikunena zomwe akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany adalemba atafufuza: ndegeyo inalibe kabokosi kojambula mawu a oyendetsa, inalibe kojambula kayendedwe kake, zokambirana za pa wailesi ndi olondolera a ku Lilongwe sizidajambulidwe, ndipo batire la kachipangizo kolira ndege ikagwa lidatha ntchito mu 2004. Pomwe palibe tepi pamamera mphekesera, mabanja amatsala ndi mafunso, ndipo woyendetsa wa mawa alibe chophunzirapo. Makina ojambula mawu pansanja si chinthu choti dziko lingalephere kugula.

Kwa akuluakulu oyang'anira za ndege kwathu, pempho langa ndi lakuti mawu onse a pa wailesi za m'mabwalo a ndege a Kamuzu, Chileka, Mzuzu ndi Karonga azijambulidwa ndi kusungidwa, ndipo pakhale munthu woyesa makinawo kawirikawiri. Kwa inu olondolera, woyendetsa akabwereza funso, musabwereze chilolezo, mufunseni chomwe chavuta. Ndipo inu ana athu amene mukuphunzira ntchito imeneyi, musanene nambala yomwe simunaione ndi maso anu pa chida. Ngati simunamve, pemphani abwereze, kaya ndi kachitatu, kaya wina ausa moyo pa wailesi. Tsiku lomwe mudzayang'ane kutsogolo n'kusowa mzinda womwe mumauyembekeza, kwerani kaye, kenako muuze nsanja mosabisa kuti mwasochera.